Galu Wanga Ankafuna Odi

Atandisamutsa ku Dedza kuti ndidzaphunzitse ku Embangweni, ndinabwera ndi galu wanga ali wokalamba kale. Mano anali atatsala awiri, maso atachita ng'ala, koma makutu ankamva bwinobwino. Anzanga ankati ndimutaye, akungotha chakudya.

Bambo wina ankandibweretsera mkaka pa njinga m'mawa uliwonse. Ankatsikira kumsewu, n'kunena kuti "Odi", n'kudikira. Galuyo ankangogwedeza mchira ali chigonere pakhonde.

Tsiku lina kunabwera wa njinga yamoto atanyamula katundu wanga kuchokera ku Mzimba boma. Analowa mpaka pabwalo osazimitsa injini, akuliza hutala ngati akuitana ana ake. Galu uja, amene ankavutika kutsika masitepe awiri a pakhonde, anadzambatuka n'kumugwira buluku ndi mano ake awiri aja. Munthu wamkulu, wandevu zake, anataya njinga n'kukwera pa mulu wa njerwa.

"Mama, ntcheŵe yinu iyi!" anakuwa m'Chitumbuka, kunena galuyo.

Sindinapepese. Ndinati, "Bambo, kwanu mumalowa pakhomo pa munthu ndi hutala? Tsikani, bwererani kumsewu mukaodire."

Anandiyang'ana, n'kuona kuti sindikuseka. Anabwerera, anavula chisoti, n'kunena "Odi" motsitsa mawu. Galu anapita kukagona.

Galuyo anafa chaka chotsatira, ndinamukwirira kuseri kwa khitchini. Wa njinga yamoto uja amabwerabe ndi katundu. Mpaka lero amazimitsira injini kumsewu, amavula chisoti, ndipo asanaodire amayamba wayang'ana pakhonde paja.