Chambiko cha Azakhali M'kalasi ya Zophikaphika

Ndinali mu giredi 11 pamene madamu athu a zophikaphika anatiphunzitsa chakudya chimene ankachitcha kotejitchizi. Dzinalo ankalitchula atakweza chibwano, ngati kuti analibweretsa okha pa ndege. Madamuwo anali atangofika kumene kuchokera ku Lusaka, ndipo chilichonse cha kuno ku Chipata chinkawanunkhira. Mbaula ankaigwira ndi zala ziwiri. Ife atsikana a ku komboni ya Nabvutika ankayamba kutiyang'ana kumapazi asanatiyang'ane kumaso.

Chaka chimenecho sukulu yathu inkafuna mtsikana mmodzi woti akaphike pamaso pa oweruza ku chionetsero cha masukulu a m'chigawo chathu. Mwayi umenewo ndinkaufuna ndi mtima wonse. Cholinga changa, mpaka lero, n'chakuti ndidzaphunzire za kadyedwe koyenera kuti ndizidzathandiza odwala m'chipatala, ndipo ndinkadziwa kuti satifiketi ya ku chionetsero ingandikankhire patsogolo. Madamu anati adzasankha amene adzapange bwino kotejitchizi wosunsamo zipatso.

Anatilembera njira yake pa bolodi, akukopera mu foni. Tenthetsani mkaka, finyiranimo mandimu, dikirani uundane, sefani pa nsalu yoyera, madzi atayeni. Zotsala pa nsaluzo zinyenyeni ndi foloko, thiranimo uchi pang'ono, ikani m'kambale pakati pa zipatso zoduladula. Iwo sanapange n'komwe kuti tione. Ndikuwerenga, ndinaona kuti chinthuchi ndikuchidziwa kale, ndipo ndinakweza dzanja.

"Madamu, kodi chimenechi si chambiko chosefa?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

"Chambiko?" anatero madamu. "Mwana iwe, pano uli kusukulu, suli kukhola. Chambiko ndi mkaka woola umene amadya anthu opanda firiji. Ichi n'chakudya cha m'mahotela. Ndipo mumve nonse, ndikufuna mkaka wa m'paketi, uja wokhalitsa. Wa ng'ombe zanu zodzaza nkhupakupa usandilowere muno."

Amene anaseka kwambiri anali mtsikana wina amene bambo ake ankamutula pa geti ndi galimoto m'mawa uliwonse. Ameneyu sanakamepo ngakhale mbuzi, koma epuloni yake inali yosita mpaka zingwe.

Loweruka ndinayesa kunyumba monga mwa lamulo la madamu. Ndinatenthetsa mkaka wa m'paketi, n'kufinyiramo mandimu atatu. Unangopanga tinyenyeswa ngati mchenga, ndipo nditathira pa nsalu tambiri tinadutsa pamodzi ndi madzi. Amayi anasuzumira m'poto n'kufunsa ngati sukulu yayamba kutiphunzitsa kuchapa mkaka.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera minibasi kupita kwa azakhali anga, kumudzi wa pafupi ndi Mtenguleni. Azakhali ali ndi ng'ombe zinayi ndi chipanda chakale chimene sachitsuka ndi sopo. Mkaka akakama amauthira mmenemo, amausiya masiku awiri kapena atatu, ndipo umaundana wokha popanda mandimu kapena moto. Ndinawafotokozera zonse.

"Ukuti asunse chiyani?" anafunsa azakhali.

"Mango, azakhali. Ndi papaya, ndi nthochi."

"Mango asunse? Mano awo anapita kuti?" Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndiye aphunzitsi akowo anapita mpaka ku Lusaka kukaphunzira chambiko? Akanabwera kuno, ndikanawaphunzitsa ali chiimire."

Anandidzazira chigubu chaching'ono, n'kundiuza kuti ndisafinye nsalu ndi manja, ndiipachike idonthe yokha, apo ayi chidzauma ngati chigumu.

Tsiku la mayeso ndinabisa chigubucho pansi pa mapapaya m'chikwama. Ndinkadziwa kuti ndikuphwanya lamulo, ndipo sindikukana. Koma ndinaganiza kuti munthu akalawa chinthu chabwino amaiwala malamulo. Pamenepo ndinali mwana ndithu.

Tinali atsikana khumi ndi awiri, aliyense ndi poto wake. Ine ndinatenthetsa mkaka wa m'paketi pang'ono kuti ndioneke ngati anzanga, koma madamu atatuluka kukayankha foni ndinakhuthulira chambiko pa nsalu, n'kuimanga pa mwendo wa mpando wogadabuza, mbale ili pansi. Ndikudula zipatso, madzi ankadontha pang'onopang'ono. Nditamasula, m'nsalumo munali chinthu choyera, cholimba bwino, chonunkhira. Ndinachinyenya, n'kuthiramo uchi supuni ziwiri ndi kamchere. Nditaimikamo kachidutswa ka mango, kanaima osagwa.

Kwa anzanga kunali maliro. Wina anafinyira mandimu asanu ndi awiri mpaka mkaka unawawa ngati mankhwala. Mtsikana wa pagalimoto uja anapeza tinyenyeswa tosadzaza supuni zitatu, ndiye anathiramo madzi omwe anasefa aja kuti tichuluke. Nthochi yake inkasambira m'kambale. Madamu ankazungulira akunena kuti atsikana a kuno manja awo ndi olemera, koma iwo sanagwire poto ngakhale mmodzi kuti atisonyeze manja opepukawo.

Wolawa anali ahedi athu, bambo wachikulire amene anakulira kumidzi ya Angoni. Anayenda tebulo ndi tebulo, akulawa n'kumeza mwaulemu. Atafika pa ine anasunsa papaya, n'kutafuna. Anasunsanso. Kenaka anasiya zipatso n'kutenga supuni.

"Koma ichi ndi chambiko," anatero. "Chenichenitu, cha m'chipanda. Madamu, mwachita bwino kuwaphunzitsa ana zimenezi. Ine ndinasiya kuchiona amayi anga atamwalira."

Madamu anamwetulira ndi mano okha.

"Ee, ahedi, timayesetsa kugwiritsa ntchito zinthu za kwathu konkuno."

Za kwathu konkuno! Pakamwa pomwe paja panatuluka mawu a nkhupakupa. Ndinayang'ana pansi kuti nkhope yanga isandiulule. Ahedi anamaliza kambale konse, anandiuza kuti ndili ndi dzanja, n'kutuluka. Mtima wanga unali kale ku chionetsero.

Anzanga atapita, madamu anandiuza kuti nditsale.

"Wandinamiza," anatero. "Ndiye sindingakusankhe, ungawaphunzitse anzako kusamvera. Apita mnzako wa pagalimoto uja. Anatsata njira yolembedwa, komanso Chingelezi chake n'chomveka, oweruza sangavutike naye."

M'maso munkatentha, koma ndinatsimikiza kuti sindilira pamaso pawo.

"Koma ukhoza kuthandiza sukulu yako," anapitiriza, mawu atafewa. "Lachinayi ubweretse zija za azakhali ako, zigubu ziwiri. Undipatsire ine pa geti, osati m'kalasi. Mnzakoyo akaziika m'poto oweruza asanafike."

Ndinawayang'ana kumaso kwa nthawi yoyamba chaka chonsecho. Anali munthu wamkulu, wa madigiri ake, wovala nsapato zogogoda, akupempha mwana wa ku Nabvutika kuti amubweretsere mobisa chinthu chimene anachitcha choola pamaso pa kalasi yonse.

"Ng'ombe za azakhali sizinalembetse sukulu pano, madamu," ndinatero.

Ndinali ndisanayankhepo mphunzitsi motero chibadwire. Anandipatsa chilango chotchetcha udzu kuseri kwa labu masiku atatu. Amayi atamva anati ndikanangokana mwaulemu, ndipo mwina ankanena zoona. Ndinalemba mu dayale yanga kuti ndidzayesetsa kulamulira lilime langa, koma sindinalembe kuti ndikupepesa.

Dzina limene linakhomedwa pa bolodi la zidziwitso silinali langa. Lachisanu m'mawa, ndili ndi chitchetcho m'manja, ndinaona basi ya sukulu ikutuluka pa geti, mtsikana uja ali pawindo ndi epuloni yake yosita. Satifiketi ija sindinaipeze, ndipo tsopano ndikudalira mayeso a giredi 12 okha, amene ndikuwerengera tsiku ndi tsiku.

Lolemba lake amene anapita nawo anatiuza kuti kotejitchizi anamusiya m'njira. Mkaka wa m'paketi unawakanikanso, ndiye madamu anasintha pulogalamu. Sukulu yathu inakaonetsa anthu a m'chigawo chonse mmene amadulira papaya.