Amayi Anatsalira pa Nayuchi

Tinanyamuka ku Bangwe kusanache bwino, ine ndi amayi anga, titanyamula thumba la shuga, sopo, ndi chitenje chatsopano. Tinkapita ku Mozambique kukaona amayi aakulu, a Mariya, achemwali awo a amayi. Mwana wawo, Zuze, anali atatiimbira foni kuti amayi akewo asiya kudya, maso anachita khungu kalekale, ndipo pakamwa pake pangotsala dzina limodzi: Luwiza. Limeneli ndi dzina la amayi anga la paubwana. Awiriwa anasiyana nthawi ya nkhondo, amayi ali mtsikana, ndipo sanaonanenso.

Minibasi ya ku Limbe inatidya K800 aliyense, kondakitala n'kufunanso ya thumba. Amayi anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mnyamatayo n'kuiwala yekha nkhani ya thumba.

Ine pasipoti ndili nayo, poti ndimakapikula nsalu kunja. Amayi chiphaso chawo cha unzika chinapita ndi matope a namondwe wa Freddy pamodzi ndi nyumba yawo ya ku Manje. Analembetsa china, koma chinali chisanatuluke. M'manja anali ndi kapepala kongosonyeza kuti analembetsa, kopanda chithunzi. Azimayi anzawo a kutchalitchi anawatsimikizira kuti kapepalako n'kokwanira kupezera chilolezo cha pamalire. Ine ndinakayika, koma amayi anga akanena kuti "ndafunsa kale," iwe tseka pakamwa.

Sitima inachoka pa Limbe dzuwa litakwera pang'ono. Amene simunaikwerepo, musaganize za liwiro. Imayenda ngati munthu wopita kumene sakufuna, ndipo imaima paliponse pamene pali mtengo wa mango ndi anthu atatu. Pofika ku Lunzu m'bogi mwathu munali mutadzaza madengu a tomato, nkhuku, ndi njinga imodzi yomwe mwini wake anaikhazika pampando iye n'kuimirira. Pa Lirangwe tinagula mbatata yootcha kudzera pawindo. Amayi sanadye. Anangoigwira m'manja mpaka inazizira.

Moyang'anana nafe munakhala bambo wina wogulitsa matemba, wopita ku Chiuta. Atamva kumene tikulowera anafunsa, "Mapepala ali bwino, mayi?"

Amayi anamasula mfundo ya mpango n'kumuonetsa kapepala kaja. Bamboyo anakatembenuza, n'kukabweza ndi manja awiri.

"Mukayese," anatero. "Zikakanika, kuli anyamata a kabaza. Amadutsitsa anthu njira ya kudambo, osaonana ndi bwana aliyense."

"Njira ya kudambo ndimaidziwa," amayi anayankha, n'kutembenukira kuwindo.

Titawoloka Shire pa Liwonde, masana atapendeka, amayi anayamba kulankhula okha osafunsidwa. Anati a Mariya ndiwo ankawaluka tsitsi, ndiwo ankawabisira nkhoko. Tsiku lothawa, a Mariya anatsala chifukwa anali ndi pakati potopa, ndipo anati, "Tsogolani, mukabwere mvula ikatha." Mvula zatha zambirimbiri. Amayi anakwatiwa ku Blantyre, anabereka ife, anaika bambo athu m'manda, ndipo chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Ine ndinamva chisoni, komanso kamkwiyo, kuti nkhani zonsezi akundiuza lero pamene ndili ndi imvi zanga.

Tinafika pa Nayuchi dzuwa likulowa. Apa ndi pamene sitima yathu imathera. Wopitirira amadinditsa mapepala, n'kuyenda kamtunda pang'ono kukafika ku Entre Lagos, tsidya linalo. Tinagona pa resitihausi ina ya udzudzu wonenepa, m'mawa n'kulawirira ku ofesi.

Bwana wa pamalire anali wachinyamata, waulemu wake. Pasipoti yanga anadinda osayang'ana kawiri. Kapepala ka amayi anakawerenga nthawi yaitali.

"Amayi, pepani. Pakufunika chiphaso chenicheni, cha chithunzi. Apa ine ndidziwa bwanji kuti ndinu amene mwalembedwa apa? Ngakhale nditakulolani, anzanga a tsidya ilo akakubwezani."

"Mwana wanga, tsidya ilo ndi kwathu. Mchombo wanga uli kumeneko."

"Ndikumva, amayi. Muli ndi pepala lililonse la kumeneko?"

Amayi anaseka pang'ono. "Pothawa nkhondo munthu amatenga pepala?"

Ndinachonderera, ndinatchula Freddy, ndinatchula matenda. Mnyamatayo anangogwira mutu. Sindimuda, ntchito ndi ntchito.

Panja a kabaza anali atationa kale. Mmodzi anayandikira n'kunong'ona kuti atifikitsa kusanatenthe. Ine mtima unali utavomera. Ndinati, "Amayi, kwerani. Aliyense amadutsa komweko."

Anakhala pansi pa khonde la sitolo, n'kuyala miyendo.

"Ife tinathawa atatu," anatero. "Ine, amayi anga, ndi mlongo wanga Antonyo. Kudamboko tinatulukako awiri. Antonyo anaponda bomba ali patsogolo panga, tinamukwirira ndi manja. Iwe ukufuna ndidutsepo pa njinga, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba?"

Dzina la Antonyo ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Wa kabaza anati mabomba anachotsedwa kalekale. Amayi anangondipatsa chitenje chija.

"Pita iwe. Ukaone ndi maso ako, udzandiuze."

Ndinawoloka ndekha, ndikucheuka. Ku Entre Lagos anandidindira, Zuze n'kunditenga pa njinga yamoto. Tinadutsa minda ya chinangwa ndi mpunga, dothi lake lomweli, anthu ake omwewa, moni wake yemweyu. Ndinkangoti amayi akanaona mtengo uwu, amayi akanaona chitsime ichi.

A Mariya ndinawapeza atagona pamkeka kuseri kwa nyumba, atatha ngati mwana. Ndinagwada n'kupereka moni. Atangomva mawu anga anadzuka okha, munthu amene amati sakutha kukhala tsonga. Manja awo anandipeza kumaso. Anapapasa chipumi, mphuno, mpata wa mano, kenaka tsitsi.

"Luwiza," anatero. "Wachedwa."

Zuze anatsegula pakamwa kuti awakonze. Ndinamugwira mwendo.

"Ndachedwa, achemwali," ndinayankha.

"Tsitsi ili akukuluka ndani? Akukuononga."

Anandikhazika pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kumasula. Zala zinalibe mphamvu, ankangokoka pang'onopang'ono akung'ung'udza kanyimbo ka Chilomwe. Analuka mzere umodzi wokhotakhota, n'kutopa. Tsiku limenelo anamwa phala, theka la kapu. Ndinawafunditsa chitenje, iwo n'kundigwira dzanja kuti ndisachedwenso.

Ndinabwerera ku Nayuchi madzulo ofesi isanatseke. Amayi anali pa khonde lomwe lija, nkhope ataloza kum'mawa. Mayi wa sitoloyo anandiuza kuti tsiku lonse sanasunthe, ngakhale tiyi anakana.

"Wamupeza?"

"Ndawapeza. Adya phala."

"Wandifunsa?"

Ndinangovula duku n'kuwerama. Amayi anayendetsa chala pamzere uja kuchokera pachipumi mpaka pankhongo, n'kubwereranso.

"Amakhotetsabe," anatero. "Chikhalire sadziwa kuwongola."

Ndinawauza zonse, kuti a Mariya akudziwa kuti Luwiza anabwera. Ndinkaopa kuti akwiya poti ndawabera malo. Koma amayi anati, "Wachita bwino kuvomera."

Sitima yobwerera tinaidikira masiku awiri. Amene mukufuna kuyenda ulendo umenewu, konzani mapepala anu wodwala asanadwale, chifukwa pamalire salira nawo maliro. Chiphaso cha amayi chinatuluka patapita miyezi, a Mariya titawalira kale. Koma m'sitima muja, kuyambira pa Nayuchi mpaka pa Limbe, amayi sanalole kuti ndivale duku. Dzanja lawo linali pamutu panga njira yonse.