Galu Wodziwa Imvi

Madala a ku Kroondal, mtchona amene anasiya mgodi n'kuyamba ulonda pafamu, amalera galu wawo ngati mwana wa kwawo ku Dedza. "Pakhomo panga ngakhale galu amadziwa ulemu," amatero. Wamkulu akayandikira, galuyo amagona pansi.

Kuchionetsero cha agalu ku Rustenburg munthu wakuda sankaloledwa m'bwalo masiku a tsankho amenewo, choncho madala anapempha mwana wamkazi wa mwini famu kuti akamuyendetse. Iwo anaima kuseri kwa mpanda, atatchena suti.

Woweruza, mzungu wa imvi, ankafuna galu aime chilili. Atangoyandikira, galu uja anagona chafufumimba. Mtsikana anakoka chingwe mpaka thukuta kamukamu, galu osadzuka.

Mphoto inapita kwina, koma madala anaomba m'manja okhaokha.

"Agalu onse aja," anauza anzawo akumwetulira, "amene waona imvi ndi wanga yekha."