Masabuwufa Awiri ndi Mauthenga a Patuma

Ganizo lopita ku Joni linandigwira ndili pa depoti ya Salima, ndikuwotcherera waya m'kawailesi ka munthu komwe kanali kongofunika kutaya. Usipa unali utatithawa chaka chimenecho, ndipo ine ntchito ya m'madzi sindinaikondepo. Mkazi wanga Patuma anali ndi khanda kumsana, Mariyamu wathu. Nditamuuza sanakane. Anangoti, "Bambo a Mariyamu, mukudziwa kuti kuwerenga kumandivuta. Musamandilembere. Muzilankhula pa foni, nanenso ndizilankhula." Ndinalumbira kuti Wallahi ndizitero.

Kumeneko ndinapeza ntchito pa galaja yoika zoimbira m'magalimoto. Ambiri obwera anali madalaivala a maminibasi, anthu ofuna kuti galimoto lawo limveke lisanaoneke. Chimene ankafuna kwenikweni ndi masabuwufa, masipika akuluakulu aja otulutsa besi yogunda m'chifuwa. Koma ndiye ndinaidziwa ntchitoyo! Ndinadziwa kuti bokosi lotseka limatulutsa besi yaudongo, pomwe la bowo limabangula mpaka nambala ya galimoto kumanjenjemera. Ndinadziwanso kuti ampulifaya ikapanda kugwirizana ndi sipika, mumangomva fungo la chinthu chopserera, basi zatha. Gawo langa linali lomaliza. Ndinkalowa m'galimoto, kutseka mawindo onse, kukweza voliyumu mpaka kumapeto, n'kumafufuza chitsulo chomwe chikulira. Bwana wanga ankatseka makutu ake ndi timphira. Ine ndinkamuseka chamumtima kuti ndi wamantha.

Poyamba mauthenga ankayenda bwino. Patuma ankajambula mawu ake akuyanika usipa pa thandala, nkhuku zikulira kumbuyo. Ankandiuza kuti ndalama zafika, kuti Mariyamu wamera mano, kuti denga la kukhitchini likudontha. Ndinkawamvera ndili m'kachipinda kathu ka anthu anayi, foni nditaigunditsa kukhutu, ndipo nthawi zina misozi inkatsika, sindibisa. Kusungulumwa kwa ku Joni n'koipa, anthu ndi ambirimbiri koma palibe wokufunsa kuti wadzuka bwanji.

Kenako m'makutu mwanga munalowa nyenje. Inkalira usana wonse osapuma. Mawu a amuna ndinkawamvabe, koma a akazi ndi ana anayamba kupyapyala, kenako n'kumangomveka ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Ndinkabwereza uthenga wa Patuma kambirimbiri n'kungotolamo mawu awiri kapena atatu. Kupatsa mnzanga kuti andimvetsere? Aa, mawu a mkazi wako sungapatse mwamuna wina. Kumuuza Patuma kuti mwamuna wake wagontha kuchilendo ndinachita nako manyazi, komanso mantha. Ndiye ndinayamba kulemba. Uthenga ukabwera ndinkayankha kuti, "Zikomo mayi, ndamva." Akaimba ndinkaisiya foniyo ilire mpaka itope.

Nditagula kagalimoto kanga, bwana anandilangiza bwino. "Yusufu, ili ndi galimoto loyendera tsiku lililonse. Ika sabuwufa imodzi ya mainchi khumi ndi awiri m'bokosi lotseka. Yakwana." Ine ndinasankha awiri a mainchi khumi ndi asanu, m'bokosi la bowo lodzaza buti yonse, ndi batire yachiwiri. Iye ankayesa ndikufuna kudzionetsera. Zoona zake n'zoti nyimbo ndinali nditasiya kuzimva ndi makutu. Ndinkazimva ndi nthiti ndi msana, ndipo m'galimoto lija ndi momwe mokha ndinkaiwala kuti ndine wogontha.

Tsiku lomwe ndinamaliza kuwamanga, Patuma anatumiza uthenga wautali kuposa onse. Ndinauika kukhutu, ndinamva zoti akulankhula mothamanga, basi. Ndinayankha kuti, "Zikomo mayi, ndamva," n'kuwonjezera chithunzi cha masabuwufa anga akunyezimira. Patapita masiku ndinakumana ndi munthu wakwathu ku mzikiti pa mapemphero a Jumuwa. Anandigwira dzanja nati, "Pepani ndi maliro a alamu anu." Saidi, mlongo wake wa Patuma, anali atamira pochokera ku chilumba cha Mbenji bwato litagudubuzika. Uthenga uja unali umenewo. Mkazi wanga ankalira, ine n'kumuyankha ndi chithunzi cha masipika.

Kuyambira pamenepo mauthenga anasiya kubwera. Ndinatumiza ndalama za sadaka, anazilandira, koma osanena kanthu. Kenako a Jafali, amalume ake omwenso ndi ankhoswe athu, anandilembera mwachidule kuti ndibwere, banja likutha.

Ndinabwera pa galimoto lomwelo kudzera ku Tete. Kuyambira pa boma ndinazimitsa nyimbo, komabe ana anandithamangira pofuna kuona buti. Mariyamu anali atakula, akupita ku madrasa. Anandipatsa moni atagwada, milomo yake ikuyenda, ine osamva kalikonse. Mwana wanga ndemwe! Ndinangomusisita kumutu.

M'mawa mwake tinakhala pabwalo la apongozi anga. Amuna tinali pa mipando, akazi pa mkeka chapatali, monga mwa nthawi zonse. Apongozi aakazi anakhala chammbali, nkhope ataloza kumpanda, chifukwa kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chomwe ndinakula nacho osachiona. Kwathu nkhani ikakhala yaikulu, mawu amatsika. Ku Joni aliyense amakuwa, ndipo wogontha amatha kubisala. Kuno munthu akakwiya zenizeni amalankhula pansipansi, maso ali pa mchenga.

A Jafali ndinawamva, mawu awo ndi aakulu. Anati, "Mwana wathuyu ali ndi madandaulo. Mumumvere." Patuma anayamba. Ndinkaona mpango wake ukugwedezeka, dzanja likupukuta m'maso. Analankhula nthawi yaitali. Apongozi anawonjezera zawo, ali chiyang'anire kumpanda. Kenako onse anatembenukira kwa ine.

"Mwamva, bambo?" anafunsa a Jafali.

Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti ndamva. Koma sindinatero.

"Sindinamve, amalume. Ngakhale liwu limodzi. Makutu anga anafera ku ntchito. Mawu a mayi a Mariyamu ndinasiya kuwamva kalekale, Saidi asanamwalire."

A Jafali anavula kofia n'kuivalanso. Patuma anadzuka pa mkeka, n'kudutsa bwalo lonse amayi ake ali pomwepo, chinthu chomwe mkazi wakwathu sachita. Ndinaganiza kuti andimenya, ndipo ndikanavomera. Anawerama, n'kuika pakamwa pake pa khutu langa lakumanzere, n'kukuwa.

"Ndiye zonse zija ndinkauza ndani?"

Amenewo ndinawamva. Anali mawu ake oyamba kundifika bwinobwino patapita zaka, ndipo anandipweteka kuposa mbama. Iye ankaganiza kuti ndili ndi mkazi wina ku Joni, ndipo akuti zimenezo akanadziwa pozigwira. Koma zoti ankatsanulira mtima wake m'foni yopanda munthu kumbali inayo, zimenezo analibe pozigwira.

Ankhoswe sanagamule tsiku limenelo. Patuma ndiye ananena chomwe akufuna. Mauthenga onse aja akadali m'foni mwake. M'mawa uliwonse tikayanika usipa, amakhala kumanzere kwanga, amamvera uthenga umodzi, kenako amandibwerezera mokweza, liwu ndi liwu, mpaka nditayankha monga ndikanayankhira nthawi imeneyo. Amayi ogulitsa nsomba amatiyang'ana n'kumaseka, iye alibe nazo ntchito. Ndamva za malungo a Mariyamu. Ndamva za tsiku lomwe anagona ndi njala osauza amayi ake. Ena ndi oseketsa, koma ine ndimaseka mochedwa ndi zaka.

Galimoto lili pansi pa mtengo wa mango. Anyamata a maminibasi amabwera kudzafunsa kuti asankhe masabuwufa otani, ndipo ndimawauza zoona, ngakhale ambiri amachoka atakhumudwa.

Sitinafike pa uthenga wa Saidi. Watsala pafupi, ndipo ndikuuopa. Patuma akuti akadzandiuza umenewo n'kuona nkhope yanga, m'pamene adzadziwe ngati ndikhale pakhomo pano kapena ndinyamule zanga.