Malo Opanda Nyerere ku Chilwa

Chaka chilichonse mpunga ukacha ku Chilwa, ife timatseka nyumba yathu ku Milepa n'kukakhala kunyanjako masabata atatu, nthawi zina anayi. Amuna anga ali ndi azakhali awo amene anakwatiwa kumeneko kalekale, ndipo munda wawo wa mpunga ndi woti okha sangauthe. Timakathandiza kudula ndi kupuntha, pobwerera iwo n'kutigawira matumba athu. Pano tinazolowera. Koma chaka choyamba sindichiiwala, chifukwa ndinatsala pang'ono kumiza galimoto ya eni ake.

Galimotoyo ndi minibasi yakale ya alamu anga, achimwene awo a amuna anga. Inkayenda pakati pa Boma la Chiradzulu ndi Limbe mpaka inatopa, ndiye anazula mipando yonse kusiya wakutsogolo, n'kumanyamulira tomato ndi kabichi kupita nazo ku Namitambo. Ndi imene imadyetsa ana awo asanu. Tsiku lotibwereka anaizungulira kawiri, akuigwiragwira ngati ng'ombe yoti ikupita kumsika.

"Nandolo akauma ndikuifuna," anatero kwa mng'ono wawo. "Ibwere ikuyenda yokha, osati yokokedwa."

"Matayala onse ndi a dazi, achimwene, ndiye mukudandaula chiyani?"

"Dazi lomwelo ndi limene linakuphunzitsa kuyendetsa iwe." Kenako anatembenukira kwa ine. "Alamu, ine ndikubwereka inu. Uyu ndimamudziwa."

Ndinaseka, koma mawuwo ndinawasunga.

Minibasiyo ndiyo inali nyumba yathu. Tinayala matiresi kumbuyo, neti tinamangirira ku zitsulo za kudenga, m'mawindo ndinakoloweka zitenje. Mbaula, ndowa, ufa, makaka ndi mphasa zanga ziwiri zatsopano tinaika pafupi ndi chitseko cham'mbali, chimene chimatsekedwa ndi waya. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali ndi miyezi isanu ndi inayi. Anali atangoyamba kukwawa, ndipo chilichonse chimene wachipeza pansi chinkapita kukamwa.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Ine ndinali ndisanaonepo dziko lopanda chitunda chotero. Kwathu ukaima pakhomo maso amagunda phiri, koma kumeneko amangopita. Mudzi wa azakhali uli kutali ndi minda, choncho anthu odula mpunga amamanga zisakasa pa kamtunda kena pafupi ndi mindayo n'kumagona pomwepo. Azakhaliwo sitinawapeze. Anali atawolokera tsidya lina ku maliro, koma anasiya uthenga woti tiyambe kudula, munda atilozera anzawo.

Amuna anga ankafuna kuimika minibasi pa kamtunda paja pamene panali anthu. Ine ndinati adikire kaye. Ndinatsika mwana ali kumbuyo n'kuyamba kuyang'ana pansi, monga ndimachitira kwathu ndisanayale mphasa. Panali udzu, minga ya nsomba, ndi nyerere zokhazokha, zakuda ndi zofiira, mizeremizere. Ndinaganiza za mwana wanga akukwawa pamenepo, mtima unakana.

Chakumunsi, kulowera kunyanja, ndinaona bwalo lalikulu lakuda, losalala ngati pakhomo pozira. Ndinapitako. Dothi linali louma gwa, long'ambikang'ambika, lopanda ngakhale kaudzu. Ndinagwada n'kusuzumira m'ming'alu, ndinasuntha n'kugwadanso pena. Nyerere panalibe ndi imodzi yomwe. Madzi anali kutali, poti kupitako ndi ndowa umapuma kamodzi panjira.

"Bambo a mwana, bweretsani kuno," ndinatero.

"Anthu onsewa ali uku, ife tikakhale patokha?"

"Anthu onsewo alibe mwana wodya dothi."

Anapukusa mutu, komabe anaibweretsa. Pamene tinkatsitsa katundu panadutsa mayi wina wowamba nsomba, dengu lili pamutu. Tinapatsana moni, iye n'kuima akuyang'ana matayala.

"Mwakonda kunoko?"

"Eya, n'poyera."

"Kukakhala bata mpabwino ndithu," anatero, n'kumapita. Ine ndinangoti ndi kacheza ka anthu akunyanja.

Masiku atatu otsatira anali okoma moti mpaka lero ndikawakumbukira ndimamwetulira ndekha. M'mawa ndinkatsegula chitseko cha minibasi n'kuona Mulanje ali uko, chilumba cha Chisi chili apo pakati pa madzi, akakowa akuyenda ngati anthu opita kutchalitchi. Ndinkaphika tiyi ndili chikhalire pakhomo pa galimoto. Kunalibe zosesa, kunalibe mbuzi za aneba, kunalibe wondiitana. Mwana ankakwawa bwalo lonse, kupita kutali n'kutembenuka kuti aone ngati ndikumuona, n'kumaseka ndi mano ake awiri. Maondo ake anada bii, koma panalibe chomuluma.

Kumunda ndinaphunzira kudula mpunga. Tsiku loyamba manja anachita matuza, amayi a minda yoyandikana n'kumandiseka kuti ndikugwira chikwakwa ngati khasu. Pofika lachitatu ndinkatha mzere pamodzi ndi iwo. Masana tinkabwerera kukawotcha matemba ogula pa bwato pomwepo, akadali kunyezimira. Amuna anga anamanga thumba pakati pa denga la minibasi ndi mitengo iwiri, n'kulitcha khonde. Ankakhala pakhondepo miyendo ili tambalale, akunena kuti ngakhale a ku Boma alibe nyumba yokhala ndi hutala. Kuyambira pamene tinakwatirana ndinali ndisanakhale nawo masana athunthu popanda wobwera kudzawatenga.

Tsiku lachinayi kunacha ndi mphepo yozizira yochokera kumwera. Sitinasamale. Tinangomuveka mwana juzi n'kupita kumunda. Cha m'ma teni azakhali anatipeza konko, atangotsika bwato. Ndi mayi wamfupi, wa mawu akulu, ndipo anandikumbatira ngati tinadziwana kale. Ananyamula mwana, anayamikira mpunga umene tinadula, kenako anafunsa.

"Nanga pa mtunda paja sindinaione galimoto. Mukugona kuti?"

Amuna anga analoza. Azakhali anaika dzanja pachipumi n'kuyang'ana nthawi ndithu.

"Wasankha pamenepo ndani?"

"Tonse, azakhali," amuna anga anayankha.

"Ndine," ndinatero. "Mpopanda nyerere."

"Mwana wanga, nyerere zinathawapo chifukwa pamabwera madzi. Mwera ukawomba umakankhira nyanja yonse kuno. Siyani zikwakwazo."

Tinathamanga. Ine ndinkayembekeza kuona mafunde, koma kunalibe. Madzi ankangobwera mwakachetechete, kutsata ming'alu, ngati munthu wataya ndowa pa simenti. Pamene timafika anali atazungulira kale matayala, beseni langa likuyenda lokha pamwamba pa madzi. Dothi louma lija linali litasanduka phala lomata, loti ukaponda patapata imatsalira momwemo.

Amuna anga analumphira pa chiwongolero n'kuliza injini. Kwathu galimoto ikatitimira pa dothi lofiira umaipatsa moto, imatuluka. Iwo anachita zomwezo. Matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, akuponya matope m'mwamba, ndipo ndinaona ndi maso anga minibasi ikukhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhuku pa mazira. Azakhali anamenya chitseko ndi chikhatho.

"Zimitsa iwe. Ukukumba manda a galimoto ya mkulu wako."

Injini itazima ndinamva mphepo yokha. Ndinaona nkhope ya alamu, ndinaona ana awo asanu, ndipo ndinadziwa kuti madzi akafika mu injini nandolo wa chaka chimenecho adzapita ku Namitambo pamutu. Ndinafuna kulira, koma panalibe nthawi yake.

Anthu a pa kamtunda anali atayamba kale kutsika, osaitanidwa. Zikuoneka kuti chiyambire m'mawa ankangoyang'ana mphepo ndi minibasi. Mayi wowamba nsomba uja anafika poyamba n'kutambasula manja kuti ndimupatse mwana.

"Ndinakuuzanitu," anatero.

"Munandiuza mwaulemu kwambiri, mayi."

"Nanga mlendo umamukalipira tsiku lofika?"

Azakhali ndiwo anagawa ntchito. Katundu yense atuluke. Mpweya wa m'matayala uphwetsedwe pang'ono. Amuna akumbe matope kutsogolo kwa tayala lililonse ndi manja, amayi atute udzu wa mpunga wopuntha kale pamodzi ndi bango. Msodzi wina wachikulire anabwera ndi chingwe cha khoka n'kuchimanga kutsogolo. Anati injini isalirenso, galimoto ituluka ndi anthu.

Tinayala udzu, tinakoka. Inasuntha pang'ono n'kubwereranso. Udzuwo unkamira m'matope tayala likangoponda. Tinayesanso kachiwiri, chimodzimodzi, madzi ali m'akakolo tsopano. Ndinayang'ana katundu wathu ali pamitu ya anthu, ndipo ndinaona mphasa zanga ziwiri zija. Ndinali ndisanaziyale n'komwe, ndinkazisungira kuyanikapo mpunga. Ndinazitenga n'kuziyala pamwamba pa udzu, ina kumanja ina kumanzere, kutsogolo kwa matayala akumbuyo.

"Zitheratu zimenezo," amuna anga anatero.

"Kokani," ndinatero.

Matayala anakwera pa mphasa n'kuyenda mpaka pothera pake. Pamenepo ndinati aime. Ndinasolola mphasa kumbuyo, mtsikana wina wa kwa azakhali anasolola inayo, tinazibweretsa kutsogolo, anthu anayala udzu wina, tinakokanso. Basi njira inapezeka. Kutalika kwa mphasa imodzi, kuima, kusolola, kuyala, kukoka. Amuna ena ankafuna kuti tikoke kamodzin'kamodzi zithe, koma msodzi uja anawaletsa, anati timvere mayi wa mphasa. Sindinawerenge kuti tinasuntha kangati. Ndimangokumbukira msana kupweteka ndi madzi akutitsatira pambuyo ngati galu.

Mantha atayamba kuchepa, chipongwe chinayamba.

"Anthu akumapiri mumayesa nyanja ndi chitsime, mumati imakhala pomwe mwaisiya."

"Chaka chamawa mubwere ndi ndege, imeneyo siititimira."

"Bambo a dalaivala, nanga nkhope mwasiya kuti?"

Amuna anga anali atadetsedwa ndi matope moti ankaoneka mano okha. Anayankha kuti akabwera kwathu anthu amenewa adzawakweza phiri la Chiradzulu atasenza mbatata, tidzaone amene adzaseke. Ine ndinaseka mpaka mphasa inandipulumuka m'manja.

Dzuwa litapendeka pang'ono matayala akutsogolo anagwira udzu wa pa kamtunda. Anthu anakoka komaliza, minibasi n'kukwera yonse. Wina analiza hutala, amayi anaimba nthungululu. Ndinatembenuka kuyang'ana kumene tinachoka. Bwalo langa losalala lija linali nyanja, akakowa ataima pamene panali khonde la amuna anga. Tinataya patapata imodzi ndi chivundikiro cha poto. Mphasa zinali zitasanduka nsanza. Ndinaphika tiyi m'ndowa yonse, shuga wa masabata atatu anathera pomwepo, ndipo sindinadandaule.

Masabata otsalawo tinakhala pakati pa anthu. Mayi wowamba nsomba anandiphunzitsa kuwaza phulusa mozungulira pokhala mwana, ndipo mwanayo anapeza amayi ambiri omunyamula kuposa kwathu. Ine dzina langa linasanduka mayi wa mphasa mpaka tsiku lochoka.

Pobwerera, matumba a mpunga ali kumbuyo, tinaima pa mtsinje n'kuitsuka minibasi yonse. Amuna anga anati nkhaniyi ithere panjira pomwepo.

"Galimoto ili bwinobwino. Tiwauzirenji?"

"Anabwereka ine," ndinayankha.

Tinawapeza alamu ali pakhomo akusoka matumba. Nditapereka moni ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, kuyambira pa nyerere. Anadzuka, anagona chagada n'kulowa kunsi kwa minibasi. Anakhalako nthawi, n'kutuluka ndi chibuma cha dothi lakuda chimene ife sitinachione potsuka. Anachinunkhiza.

"Mu injini madzi analowa?"

"Ayi, alamu."

Anailiza, anatsamira pa chitseko akumvetsera, mutu uli pambali. Ine ndinkangoyang'ana zala zanga. Kenako anazimitsa n'kuika makiyi m'thumba.

"Ndiye mukuti nyanjayo imayenda?"

"Imayenda, alamu."

"Chaka chamawa mundisungire malo. Ndikufuna ndikaione ndekha."

Anapitadi, ndipo kuchokera pamenepo sanaphonyepo chaka. Mpunga sadula, amati msana. Amagona pa mpando wakutsogolo miyendo itatulukira pawindo, ndipo masana amakhala ndi asodzi akuwafotokozera mmene galimoto yawo inamirira mpaka denga, ngati kuti analipo.