Mfuti Inaphulikira M'manja mwa Alamu

Kwathu ku Lifidzi anthu mpaka lero amati ndine ndinapundula alamu anga. Amanong'onezana ku chitsime, ine ndikatulukira nkhani n'kusanduka ya mvula. Ndakhala chete nthawi yaitali, ndipo kukhala cheteko sikunandipindulire kanthu.

Titabwerako ku Malawi kumene tinathawira, nkhondo itatha, tinapeza minda itasanduka tchire, nguluwe zikuyenda masana ngati mbuzi. Amuna anga anali ndi mfuti yakale ya malemu bambo awo, yolowa chipolopolo chimodzi, imene anaikulunga m'chikopa n'kuikwirira pothawa. Anaifukula, anakaionetsa kuboma, ndipo atayendera kangapo anawapatsa lisensa yotetezera minda. Vuto linali zipolopolo. Za mfuti ya mtundu umenewo sizinkapezeka m'loja kapena m'sitolo iliyonse ku Ulongwe. Choncho akawombera ankatola khoko lamkuwa la chipolopolocho n'kulisunga kuti adzalidzazenso, ndipo mitu yake ankaumba okha ndi mtovu.

Poyamba ntchito yanga inali kukoleza makala basi. Koma maso a amuna anga atayamba kuchita nkhungu, kuumba ndi kusankha mitu kunagwera ine, iwo n'kutsala ndi za wonga. Mtovu ndinkasungunulira m'kachitini kuseri kwa khola, kutali ndi ana ndi miphika, n'kuthira m'kachikombole. Si yonse inkatuluka bwino. Ina inkakhala ndi makwinya, ina ndi timabowo ngati nyemba zofumbwa, ina yooneka bwino koma yopepuka m'dzanja. Yonse yotere ndinkaibweza pamoto.

Yotsalayo ndinkaiyesa pa kachitsulo kaphanthiphanthi kokhala ndi bowo pakati, kamene apongozi anga aamuna anakonza ndi tupa kuti kalingane ndi m'mimba mwa mfutiyo. Mutu woyenera unkadutsa mokakamira pang'ono ndikaukankha ndi kamtengo, n'kutuluka utawala m'mbali. Wongogwa wokha unali waung'ono, ndipo woterowo umauluka mokhota, nguluwe n'kungovulala, kenako n'kutembenukira mwini mfuti. Wokana kulowa ndinkauponya pamoto osauyang'ananso kawiri. Ndinagwira ntchito imeneyi zaka zoposa khumi, ndipo palibe tsiku limene amuna anga anabwera kunyumba akudandaula za chipolopolo.

Alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, amachita malonda a mbatatesi ku Domwe. Ndi munthu wa mawu okwera, wa njinga yamoto, wozolowera kuti akalankhula ena azingovomera. Chaka china chimanga chitayamba kukhwima, nguluwe zinalowa m'munda mwawo n'kugwetsa mizere yambiri. Anafika kwathu m'mawa kudzatenga mfuti, amuna anga kulibe, atapita ku maliro cha ku Fonte Boa. Zipolopolo zathu zinali zitatha, koma iwo anati zimenezo ndisadandaule nazo. Anamasula kampango n'kundionetsa zisanu zimene anagula kwa munthu wina pamsika wa kumalire.

Nditangotenga chimodzi, chala chinandiuza. Mutu wake unali wonenepa. Ndinaukanda ndi chikhadabo, sunachite mzere ngati mmene mtovu wathu unkachitira, kusonyeza kuti wouumbayo anasakaniza ndi zitsulo zina zolimba. Ndinakatenga kachitsulo kaja n'kuyesa pamaso pawo. Mutuwo unangokhala pamwamba pa bowo ngati gwafa pakamwa pa botolo.

"Alamu, izi si za mfuti ino," ndinatero. "Dikirani akulu anu abwere mawa. Ine ndiumba mitu lero lomwe, iwo adzadzaza."

Anaseka. "Inu alamu, za mfuti munaphunzira kuti? Mtovu ndi wofewa, umadzipezera wokha njira."

Ndinawauza kuti uwu si wofewa, ndinawapatsa kuti akande okha, koma sanaulandire n'komwe. Anati mfutiyo ndi ya bambo awo, ndipo iwo ndi mwana wa bambowo chimodzimodzi ndi amuna anga. Apongozi anga aakazi, amene nyumba yawo inali moyang'anana ndi yathu, ankamva zonse ali pakhonde, ndipo anakuwira pomwepo kuti ndimupatse mwana wawo chinthu cha bambo ake, ndisiye kudzisandutsa mwamuna pamudzi. Ndinakanabe. Ndinaima pakhomo. Alamuwo anandikankhira pambali ndi phewa, nalowa mpaka kuchipinda chimene ndimagona ndi akulu awo, kumene mlamu salowa ngakhale nyumba ikupsa, natenga mfuti kuseri kwa chitseko. Apongozi anaona zimenezo ndi maso awo.

Dzuwa litapendeka ndinali pabwalo ndikupeta nyemba. Kulira kwa mfuti imeneyo ndinkakudziwa ngati chifuwa cha mwana wanga, ndipo zimene ndinamva kuchokera kudambo sizinali zimenezo. Kunali kuphulika kogontha, kotsatidwa ndi bata. Ndinataya lichero n'kuthamanga.

Ndinawapeza atakhala pansi m'mphepete mwa munda, atapanikiza dzanja lamanzere pakati pa mawondo, nkhope ili magazi okhaokha. Mfuti inali itang'ambika ngati nzimbe yotafunidwa. Chala chachikulu ndi zina ziwiri panalibe, ndipo kachidutswa ka mfutiyo kanali katalowa patsaya. Pafupi panali mwala, ndipo iwo eni, akubuula, anandiuza kuti chipolopolo chinkakana kulowa ndiye anachikhomerera nawo. Ndinavula mpango wanga n'kumanga mkono mwamphamvu pamwamba pa chigongono. Bambo wina woyandikana nafe munda anabwera ndi njinga, tinawakweza, iye akukankha ine ndikuwagwirizira, mpaka kumsewu kumene tinapeza shapa, galimoto yonyamula anthu, yopita ku Ulongwe.

Ndinakhala nawo kuchipatala masiku anayi, chifukwa akazi awo anali ndi khanda. Ndinkawamwetsa phala ndi supuni, ndinachapa malaya awo amagazi ndi manja angawa. Tsiku lachisanu ndinabwerera kumudzi kukaona ana, ndipo tsiku lomwelo wapolisi anapita kukawafunsa mmene ngoziyo inachitikira. Alamu anga ankadziwa kuti kugula zipolopolo pamsika ndi mlandu. Ndiye anauza wapolisiyo, achibale ali pomwepo, kuti zipolopolozo ndinawapatsa ndine, ndinaumba ndekha.

Nditamva sindinachite mantha, chifukwa zinayi zotsalazo ndinali nditazitola m'munda n'kupatsa amuna anga. Iwo anazipapasa ndi zala, anaziyesa pa kachitsulo, napukusa mutu n'kunena okha kuti zimenezi sizinatuluke m'chikombole chathu. Ndinkadziwa kuti ndili ndi mboni.

Banja linasonkhana pabwalo la apongozi Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Apongozi analankhula nthawi yaitali. Anati ndakhala ndikumuda mwana wawo kuyambira pa nkhani ina yakale ya malire a dimba, anati mkazi wosewera ndi mtovu mtima wake sudziwika. Sananene kuti ndine mfiti, koma aliyense anamva. Zoti ndinakana ndi mfuti, zoti mwana wawo analowa kuchipinda changa iwo akuona, sanazitchule. Nditapatsidwa mpata ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kenako ndinatembenukira kwa amuna anga n'kuwapempha kuti atulutse zipolopolo zija anthu aone.

Anayang'ana pansi. "Zachitika, zachitika," anatero. "Tisakumbe zambiri."

Titafika kunyumba ndinawafunsa kumene anaika zipolopolozo, ndipo anandiuza kuti anaziponya m'chimbudzi. Anati akananena zoona mng'ono wawo akanamangidwa, chonsecho dzanja alibe kale, pamene ine, poti ndine mkazi ndipo mfuti inali ndi lisensa, apolisi sangandisunge. Analankhula modekha, ngati munthu amene wapeza nzeru yabwino yopulumutsira aliyense.

"Ndiye mwaona kuti wotsika mtengo pakhomo pano ndine," ndinawauza.

Amuna anga sanalakwitse pa za apolisi. Anandiitana, ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anandifunsa mafunso omwewomwewo katatu, nandiuza kuti ndizipita. Ndinawauza zoona, koma mawu anga okha analibe pogwira, ndipo bambo wa njinga uja anati iye anafika zonse zitachitika. Zidutswa za mfuti ndi lisensa anatenga. Chaka chimenecho ndi chotsatira nguluwe zinadya m'minda ya tonse, ndipo ngakhale pa zimenezo anthu ankaloza ine.

Zimene zinandipweteka kwambiri zinali zing'onozing'ono. Pa maliro amayi anzanga anayamba kundipatsa ntchito yotunga madzi yokha, kundichotsa pa miphika. Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusikola akulira kuti anzake akuti amayi ake amadula anthu zala. Alamu anga anachira, anaphunzira kugwira chiwongolero cha njinga yawo ndi zala ziwiri zotsalazo, ndipo malonda awo akuyenda kuposa kale. Tikakumana panjira amandipatsa moni mokweza kuti anthu aone kuti iwo anakhululuka. Ndimayankha chifukwa ndinaleredwa, koma sindiima.

Amuna anga tsopano saona n'komwe. Ndimawagwira dzanja popita kutchalitchi, ndimawatenthetsera madzi osamba, ndimawawerengera mankhwala. Sindinawasiye ndipo sindiwasiya. Koma nkhani ija sanapepesepo, ndipo ine sindinawauzepo kuti yatha, chifukwa sinathe.

Mvula yapitayi akazi a alamu anga anabwera kudzapempha mbewu ya nyemba. Ndili mkati mowayezera, anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti iwo akudziwa kuti sindinalakwe, amuna awo anaulula okha tsiku lina ataledzera. Ankayembekeza kuti ndiwathokoza. Ndinawafunsa kuti akhala akudziwa kuyambira liti, anati papita zaka. Ndinawafunsa ngati angakanene mawu omwewo pamaso pa apongozi, amene akadali moyo. Anati ndiwamvetse, ali ndi ana ndi bamboyo, sangathe.

Ndinawathirira mbale ziwiri za nyemba m'nsalu yawo, ndinamanga ndekha mfundo, n'kuwauza kuti azipita mvula isanawapeze panjira.