Utsi m'Nyumba ya a Njobvu

Khoma linagwa masana, mvula ili mkati. Linagwela pa bedi la mwana wa a Sakala. Mwanayo anali atangotuluka kukatchela madzi a padenga. Anapulumuka. Kutacha banja lonse linasamuka.

Perpetua Daka anaona zonsezi ali pakhomo pake, tsidya la msewu.  Nyumba yake inali ya mamangidwe omwewo.

Inu amene mukuti zanu zatha, khalani pansi pang'ono. Ine ndine woyendayenda, sindikhalitsa malo amodzi. Koma komboni iyi, kumapeto kwa Petauke, inandiimitsa.

Kale panali fakitale ya thonje. Kampani inamangila anchito ake nyumba zophatikana: denga limodzi, makomo awili, khoma la pakati limodzi. Njelwa zinali zowotcha, koma zomangila dothi. Fakitale itatseka, nyumba zinasiyidwa m'manja mwa anchito. Nchito panalibe. Ambili anakhoma maloko n'kubwelela kumidzi. Udzu unamela pamakomo.

Ndiye panabwela anyamata ozula malata. Sanali kubisala. Lamulo lao linali limodzi: nyumba ya utsi siikhudzidwa, nyumba ya udzu ilibe mwini. Akazula mbali imodzi, mvula imalowa pamwamba pa khoma la pakati. Dothi limasungunuka. Wokhala mbali inayo ndiye amagweledwa.

Perpetua anali wamasiye wa ana atatu. Anali kugulitsa vitumbuwa pa siteshoni. Kumudzi analibe munda. Kuseli kwa khoma lake kunali nyumba ya a Josphat Njobvu, amene kale anali kuyendetsa makina. Akazi ao anamwalilila mmenemo chaka chimene fakitale inatseka. Malilo atatha, a Njobvu anapita kumudzi kwao ku Msanzala. Palibe analowamonso. Anthu ankati mumamveka kutsokomola.

Mantha amenewo ndiwo anasunga malata zaka zonsezo. Koma nyumba za udzu zinali kutha. Eddie, mkulu wa anyamata aja, anayamba kuima pamsewu, maso ali padenga la a Njobvu.

Dzuwa la Okutobala linafika. Mitambo inayamba kusonkhana kumadzulo.

M'mawa wina Perpetua anatenga khasu. Analima udzu wa pakhomo la a Njobvu. Anasesa. Loko anaiphwanya ndi mwala. Mkati munali fungo la mileme. Mphasa ya malilo inali pomwe anaisiya, pakati pa chipinda. Sanaikhudze. Manja akunjenjemela, anayatsa mbaula, naikapo masamba aawisi kuti utsi uchuluke. Pawindo anapachika chitenje chake.

Eddie anafika ndi nyundo ndi makwelelo. Anaona utsi. Anaima.

"Amai, mwalowa ndani umu?"

"Mwalowa moto."

Eddie anaseka, koma maso sanaseke. Anati munthu mmodzi sangakoleze nyumba ziwili mpaka kale. Tsiku limene motowo udzazime, iwo adzabwela.

Moto sunazime. Chinayaka ndi mphekesela. Mkazi wamoyo kusesa pakhomo la wakufa, afunanji? Ena anati akutola dothi la mapazi a anthu. Ena anati amacheza ndi malemu. Kumjigo amai anzake anachotsa ndowa zao pafupi ndi yake. Vitumbuwa vinabwelela kunyumba osagulidwa. Mwala unagwa padenga lake, wina unatsatila.

Perpetua anali kudziwa mathelo a mkazi amene watchulidwa mfiti. Nyumba yake imapsa. Tsopano anali kuopa ziwili, khoma ndi anthu. Akaleka kusesa, khoma ligwela ana. Akapitiliza, anthu amubwelela.

Anauza mwana wake wamkulu kuti asalole mbaula kuzima. Iye anakwela galimoto ya kanta yonyamula feteleza kupita ku Msanzala.

Perpetua anawapeza a Njobvu akukonza munda wa nshawa. Anagwada, naomba m'manja, nafotokoza zonse, ngakhale za loko. Mkuluyo anakwiya. Anafunsa amene anamupatsa mphamvu yolowa pamene akazi ao anatsilizila. Anati ngakhale alongo ao a malemu sanapondemo.

"Pepani, bambo," anatelo Perpetua, ali chigwadile. "Koma khoma ndi limodzi. Likagwa, silisankha mbali."

 A Njobvu anafunsa ngati denga likalipo. Perpetua anati lelo lilipo, za mailo sadziwa. Mkuluyo anayang'ana khasu lake. Anati lata la pakona analikhoma yekha, akazi ao atagwila makwelelo.

A Njobvu anabwela naye ku Petauke. Anaitana mkulu wa mpingo. Dzuwa lili pamutu, komboni yonse ikuyang'ana, a Njobvu anatulutsa mphasa ija ndi manja ao. Panali pemphelo. Atatha anatembenukila anthu.

"Amai Daka sanatole dothi la munthu. Anasesa pakhomo panga. Amene ali nao mlandu abwele kwa ine."

Palibe anabwela.

M'nyumbamo munalowa Juliet, wogulitsa tomato wochokela ku Katete, amene anali kugona pamsika ndi khanda. Pangano linali lalifupi: tseka podontha, sesa, koleza moto. Eddie anadutsanso. Anaona matewela pachingwe. Anapitilila.

Mabanja ena anali ndi vuto lomwelo, kuseli kwa khoma kopanda munthu. Anabwela kwa Perpetua mmodzimmodzi, ena mwa iwo omwe aja a kumjigo. Iye anayendanso, ku Kacholola, ku Nyalugwe, kufunafuna eni nyumba. Ena anamuthamangitsa. Nyumba ina inagwa akali kukambilana. Koma ambili anavomela. Pa Chiwelu anthu anayamba kusonkhana, thobwa lili mumgomo, kumata simenti pamwamba pa makoma.

Nyumba za udzu zinasowa. Eddie anasowa pozula. Perpetua anamuitana pamsewu, namuuza kuti wozula msomali ndiye adziwa bowo lake, akwele akhome. Anakana. Sabata yotsatila anabwela ndi nyundo yomwe ija, kudzakhoma malata.

Mvula inadza ndi mphepo yoopsa. Malata analila. Perpetua anachotsa ana pafupi ndi khoma, mwachizolowezi. Kenako anaika chikhatho pa njelwa. Zinali zouma. Kuseli, khanda la Juliet linali kulila.

Fakitale siinatsegulidwenso. Udzu ukali kumela pamakina. Koma ndinayenda komboni yonse madzulo, ndipo khomo lililonse linali ndi utsi.

Mwina nanunso muli ndi khoma limene likuopsezani, ndipo kuseli kwake kuli chinthu chimene aliyense akuopa kukhudza. Manja anjenjemele, palibe kanthu. A Perpetua anali kunjenjemelanso. Musataye mtima. Tengani tsache, lowani, kolezani moto.